Mayi woyembekezera akamaganiza kwambiri: zimene mzamba amayang'ana ku sikelo

Mayi wapakati akamapita ku sikelo amadziwa zimene zikumudikira. Akwera pa sikelo, amuyeza BP, amubaya pachala, kenako agona pabedi kuti mzamba apime mimba ndi tepi n'kumvera mtima wa mwana. Chimene ambiri sachiyembekezera ndi funso lakuti, "Nanga mumtimamu muli bwanji masiku ano, tulo tikubwera?" Ena amangoseka. Ena amaipidwa, poganiza kuti awaona ngati mutu sukuyenda bwino. Kunyumba apongozi nawo amadabwa kuti za maganizo zalowa bwanji pa nkhani ya mimba, poti ntchembere zonse zinadandaulapo koma zinachira bwinobwino. Funso la mzambali lili ndi pochokera pake, ndipo yankho lake lili ndi ntchito.

Kuvutika maganizo si matenda amodzi

Kutentha thupi si malungo. Thupi likhoza kutentha chifukwa cha chimfine chimene chitha chokha, kapena chifukwa cha malungo ofunika LA, kapena chifukwa cha matenda oumitsa khosi ofunika kugonekedwa lero lomwe. Kuvutika maganizo kulinso chimodzimodzi: ndi chizindikiro, ndipo ntchito ya mzamba n'kusiyanitsa chimene chili pansi pake.

Pali nkhawa ya mayi aliyense woyembekezera. Mwana ali bwino? Ndidzachira bwanji? Ndalama ya zitenje ichokera kuti? Nkhawa yotereyi imabwera n'kupita, mayi amadya, amaseka ndi anzake pampopi, ntchito zake zikuyenda.

Matenda a kukhumudwa ndi ena. Achipatala amawaganizira mayi akakhala wosasangalala, kapena wopanda chidwi ndi zimene ankazikonda, pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, mpaka ntchito za pakhomo kumulaka. Pamwamba pake pamabwera kudziona wachabechabe, kudziimba mlandu pa chilichonse, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, nthawi zina kuganiza za imfa. Apa pali msampha. Kutopa, kusowa tulo ndi kusafuna chakudya n'zizindikiro za kukhumudwa, koma n'zimenenso mimba yabwinobwino imabweretsa, makamaka m'miyezi itatu yoyamba ndi m'mwezi wothera. N'chifukwa chake mzamba wodziwa ntchito satsamira pa zimenezi zokha. Amafufuza zimene mimba payokha siibweretsa: kutaya mtima, kusowa chimwemwe n'kamodzi komwe, kudziona ngati mtolo kwa ena.

Palinso nkhawa yopyola muyezo, imene imagwira thupi: mtima kuthamanga, kubanika, manja kunjenjemera, mantha a kubereka ofika poti mayi amazemba sikelo. Ndipo pamapeto penipeni pali kusokonekera mutu kumene kumagwira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse, kawirikawiri m'milungu iwiri yoyamba atachira. Kumeneku n'kwa changu ngati kutaya magazi.

Kwa nthawi yaitali achipatala ankayang'ana kwambiri za mayi akabereka, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti mimba imamuteteza mayi ku matenda a maganizo. Kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti amayi ambiri amene amapezeka okhumudwa mwana atabadwa anali atayamba kale kudwala ali oyembekezera. Bungwe la zaumoyo la WHO limati pa dziko lonse lapansi amayi oyembekezera pafupifupi 10 pa 100 alionse amakhala ndi vuto la maganizo, ndipo m'maiko osauka chiwerengerochi chimafika pafupifupi 16 pa 100. M'boma la Blantyre, kafukufuku amene anatuluka mu 2018, wochitika pa amayi 480 a m'masikelo, anapeza zizindikiro za kukhumudwa mwa amayi 19 pa 100. Pa benchi ya amayi khumi, ndiye kuti awiri.

Mayi wokhumudwa amachedwa kuyamba sikelo, amadumphitsa mapiritsi owonjezera magazi kapena ma ARV, sadya mokwanira. Ofufuza aonanso kuti amayi otere amabereka ana osakwana masiku kapena ochepa thupi kawirikawiri kuposa anzawo. Chimene sichinamveke bwino n'chakuti, kodi kukhumudwako ndiko kukuchepetsa mwana, kapena umphawi ndi njala ndizo zikubala zonse ziwiri? Ndipo malire a nkhawa wamba ndi matenda ali pati penipeni, poti mayi amene alandilodi amuuza kuti atuluke m'nyumba ali ndi chifukwa chomveka chosagonera tulo?

Zimene zimafooketsa mayi

Mpanda wa udzu sugwa ndi mphepo ya tsiku limodzi. Chiswe chimakhala chitadya kale mitengo pansi. Achipatala akamanena za zinthu zoika mayi pachiopsezo amatanthauza chiswe chimenechi: sizisonyeza kuti mayi adwala ndithu, koma kuti mphepo ikabwera iye ndiye angayambe kugwa.

Chachikulu pa zonse ndi kudwalapo maganizo m'mbuyomu, makamaka pa mimba ina. Chotsatira ndi nkhanza za m'banja, kaya kumenyedwa, kutukwanidwa, kukakamizidwa kugonana kapena kumanidwa ndalama. Kenako mimba yosayembekezereka, bambo wokana mimba, ndi mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha pathupi. Kafukufuku wa m'Malawi monse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Mayi amene anapita padera, kapena mwana wake anabadwa atamwalira, kapena anachira ndi opaleshoni yadzidzidzi, amalowa mimba yotsatira mtima uli m'mwamba, ngakhale atakhala chete pa benchi.

Tsiku loyamba la sikelo lenilenilo limatha kukhala lolemera. Kuyambira mu 2011, pamene Malawi anayambitsa ndondomeko ya Option B+, mayi wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV a moyo wonse nthawi yomweyo. Ndondomekoyi yateteza ana ambiri. Koma mayi amene m'mawa anachoka kunyumba akuganiza za mimba yokha amabwerera masana ndi botolo la mankhwala m'chikwama ndi funso la mmene akawauzire bambo.

Mumzinda wa Blantyre mavuto ena ndi a m'thumba: lendi, geni imene yaima chifukwa mimba yakula, ndi mndandanda wa zokachirira monga zitenje, beseni ndi pepala la pulasitiki. Mabanja amene nyumba zawo zinakokoloka ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 ali ndi amayi amene mpaka lero mvula ikagunda pamalata usiku mtima umadumpha. Miyambo nayo imalowapo mbali ziwiri. Kubisa mimba ikadali yaing'ono poopa anthu oipa kumamusiya mayi yekha pa nthawi imene akusanza ndi kuda nkhawa kwambiri, ndipo chikhulupiriro chakuti kuchedwa kuchira kumabwera chifukwa wina m'banja anayenda njira zachibwana chimaika mayi pa mlandu ali pa ululu. Komabe anthu omwewo, anakubala, azakhali, amayi a chigwirizano kapena a mvano kutchalitchi ndi a dawa kumzikiti, ndiwo amabwera kudzachapa, kuphika ndi kugona naye.

Mzamba asanagamule kuti vuto ndi maganizo ayenera kuyamba waona thupi. Kuchepa magazi, pamene mlingo wa magazi (Hb) watsika pansi pa 11, kumabweretsa kufooka, chizungulire ndi kuthamanga mtima kofanana ndi nkhawa. Malungo ndi matenda a chithokomiro amasokonezanso chimodzimodzi. Ma ARV okhala ndi efavirenz ankadziwika ndi maloto oipa ndi chizungulire. Ambiri tsopano ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene kwa ena amachepetsa tulo akamwedwa usiku. Kulakwa kumachitika mbali zonse: kupatsa uphungu mayi amene akufunika magazi, kapena kupatsa panado mwezi ndi mwezi mayi amene mutu ukumupweteka chifukwa cha kulira. Funso lotsala n'lakuti chipatala chifike pati pa mavuto amene gwero lake ndi lendi ndi ufa, zimene mzamba alibe m'kabati yake.

Mafunso ofufuzira

Kachipangizo koyezera malungo pachala kamapereka yankho la inde kapena ayi. Mafunso ofufuzira maganizo safika pamenepo. Amafanana kwambiri ndi kuyeza BP: ikapezeka 140/90 sikuti mayi wadwala kale matenda okomoka, koma kuti ayezedwenso, aonedwe mkodzo, afunsidwe za mutu ndi maso.

Odziwika kwambiri ndi a EPDS, amene John Cox ndi anzake anatulutsa ku Scotland mu 1987. Ndi mafunso 10 onena za masiku 7 apitawa, lililonse limapatsidwa mapointi 0 mpaka 3, onse pamodzi 30. Ubwino wake ndi wakuti safunsa za kutopa kapena chakudya, choncho mimba siisokoneza kwambiri zotsatira. Anapangidwira amayi obereka kumene, koma amagwiranso ntchito kwa oyembekezera. Ena ndi a SRQ-20 a bungwe la WHO, mafunso 20 oyankha inde kapena ayi okhudza masiku 30 apitawa, ndipo awa amafunsanso za mutu, m'mimba ndi kunjenjemera. Mitundu yonse iwiri inamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pa amayi a kuno. Mu kafukufuku wa ku Blantyre uja, mapointi 10 a EPDS ndiwo anali malire oti mayi aonedwenso. Funso lomaliza la EPDS, la maganizo odzivulaza, limaima palokha: mayi akavomera, ngakhale mapointi ena onse ali ochepa, sachoka asanacheze naye bwinobwino.

Pamene nthawi yachepa pali mafunso awiri achidule: m'mwezi wapitawu mwakhala mukuvutika ndi kukhumudwa kapena kutaya mtima? Mwakhala mukusowa chidwi kapena chisangalalo pa zochita zanu? Woyankha inde pa limodzi ndiye amafunsidwa mafunso aatali aja.

Zimene zimalakwika n'zambiri, ndipo zochuluka sizichokera papepala. Mafunsowa anapangidwa kuti mayi awerenge yekha n'kuchonga. Kuno nthawi zambiri amawerengedwa mokweza, mwina kuseri kwa katani, anzake ali pamzere akumva. Mayankho anayi monga "nthawi zambiri", "nthawi zina", "mwa apo ndi apo" amamveka ofanana akamawerengedwa mothamanga. Mwamuna kapena apongozi akakhala m'chipindamo, funso la nkhanza limayankhidwa kuti ayi, ndipo kulifunsa pamaso pawo kukhoza kumuika mayi pangozi akafika kunyumba. Komanso amayi ambiri sanena kuti "ndakhumudwa". Kucheza kumayenda motere:

"Mayi, mwabwera katatu ndi mutu womwewu. BP ili bwino, magazi ali bwino. Usiku mukugona?"

"Ndimangogona pang'ono, anesi. Ikamakwana 2 koloko ndadzuka, basi mpaka kucha."

"Mukadzuka choncho mumaganiza chiyani?"

"Zambiri. Mtima umangothamanga."

"Pa zambirizo, chimene chimabwera kawirikawiri n'chiti?"

Apa mzamba amakhala chete, cholembera pansi, maso pa mayi osati m'buku la chipatala. Masekondi khumi a chete amenewa ndi amene nthawi zambiri amasowa pa sikelo yodzaza. Mawu akuti "musadandaule, limbani mtima" amanenedwa ndi mtima wabwino, koma amatseka nkhani isanayambe.

Akatswiri sagwirizana pa za kufunsa mayi aliyense. Ena amati osafunsa ndiye kuti ambiri sadzapezeka, poti sadzinenera okha. Ena amati kufunsa popanda kokamutumiza n'kutsegula bala lopanda bandeji, ndipo amawerengera nthawi: mphindi 5 pa mayi aliyense, amayi 60, ndi maola 5 a mzamba mmodzi. Sizinamvekenso kuti zotsatira zilembedwe bwanji m'buku limene kunyumba aliyense amatha kulitsegula.

Kupewa kudzera m'kayendetsedwe ka sikelo

Kupewa kwambiri sikufuna chipinda chatsopano. Kuli m'mene sikelo yomweyo ikuyendera. Kale ndondomeko inali ya maulendo anayi. Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza maulendo 8: loyamba mimba isanapyole milungu 12, kenako pa milungu 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40. Ulendo uliwonse ndi mpata wofunsa, ndipo ulendo woyamba pamodzi ndi wa m'milungu ya m'ma 30 ndiwo ofunika kwambiri pa za maganizo, woyamba chifukwa cha mbiri ya mayi, winawo chifukwa mantha a kubereka amakhala atayandikira.

Zing'onozing'ono zimachotsa nkhawa yambiri. Mzamba akamvera mtima wa mwana anene zimene wamva, chifukwa mayi amene anataya mwana amawerenga nkhope ya mzamba ndipo kukhala chete amakumva ngati uthenga woipa. Dongosolo la kachiridwe likambidwe mimba isanafike milungu 36: akachirira kuti, usiku adzayenda pa chiyani, ndani adzamuperekeze, ana otsala adzakhala ndi ndani. Mayi alimbikitsidwe kuyenda pang'onopang'ono mphindi 30 masiku ambiri pa mlungu ngati palibe choletsa, asiye mowa, ndipo aphunzitsidwe kupuma modekha, kukoka mpweya powerenga mpaka 4 n'kuutulutsa powerenga mpaka 6, kwa mphindi zingapo mtima ukayamba kuthamanga.

Kuonedwa ndi mzamba mmodzimodzi kapena kagulu kochepa ka azamba kuyambira pa sikelo mpaka kuchira kumathandiza mayi kumasuka, monga mmene munthu amamasukira kwa wogulitsa amene amamugula tsiku ndi tsiku mumsika wa Limbe kusiyana ndi mlendo. WHO imavomereza njirayi kumene azamba alipo okwanira, ndipo mawu akuti okwanira ndiwo avuta. Njira ina ndi sikelo ya pagulu, imene inayambira ku America m'zaka za m'ma 1990 ndipo yayesedwa m'zipatala zing'onozing'ono za m'boma la Blantyre. Amayi 8 mpaka 12 a mimba zofanana msinkhu amakhala bwalo, amadziyeza okha sikelo ndi BP, aliyense amaonedwa payekha mwachidule, kenako amakambirana pafupifupi maola awiri, ndipo gulu limakhala lomwelo mpaka kuchira. Wamimba yoyamba amamva kwa mnzake kuti si iye yekha amene amalira popanda chifukwa. Koma za HIV ndi za nkhanza si onse angazinene pabwalo pamene pali mnansi wa mpanda umodzi.

Za abambo zilinso pawiri. Bambo wobwera ku sikelo amamva yekha zizindikiro zoopsa ndipo amakonzekera ndalama ya ulendo. Koma kumene amayi obwera ndi amuna awo amaonedwa poyamba, wosiyidwa ndi wamasiye amakhala kumapeto kwa mzere, ndipo ndi iwo amene ali pachiopsezo chachikulu. Mmene mungakokere abambo popanda kulanga mayi wobwera yekha ndi funso limene likadali poyera.

Uphungu wa masitepe

Uphungu umene ukunenedwa pano si kulangiza kwa anankungwi, kumene wamkulu amalankhula wamng'ono n'kumamvera. Ndi luso lokhala ndi masitepe, limene munthu wosakhala dokotala wa maganizo angaphunzire. Njira ziwiri ndizo zatchuka. Thinking Healthy inayesedwa kumidzi ya ku Pakistan ndi Atif Rahman ndi anzake, zotsatira zake zinatuluka mu 2008, ndipo WHO inaitulutsa ngati buku lophunzitsira mu 2015. Imayamba mimba ili kumapeto n'kupitirira mpaka mwana atakwana miyezi 10, ndipo imaphunzitsa mayi kuzindikira ganizo lomufooketsa, kulisinthanitsa ndi lothandiza, n'kuliyeserera pa zochita. Friendship Bench inayambitsidwa ndi Dixon Chibanda ku Harare mu 2006, ndipo aphungu ake ndi agogo ophunzitsidwa amene amakumana ndi munthu pabenchi kunja kwa chipatala maulendo pafupifupi 6. Matenda amene amathandiza amawatchula m'Chishona kuti kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri kwathu komweku. Njirayi yayesedwanso ku Malawi.

Mtolo wa nkhuni ukalemera suusenza wonse, umaumasula n'kutenga zimene ungathe. Mphungu amamuthandiza mayi kutchula mavuto ake onse, kenako mayi yekha amasankha limodzi limene lingatheke. "Umphawi" si vuto losankhika, koma "ndilibe wondiperekeza matenda akayamba usiku" ndi losankhika. Amatchula njira zonse zimene zabwera m'mutu, ngakhale zooneka zopanda pake, n'kuona ubwino ndi kuipa kwa iliyonse. Akasankha imodzi amapangana tsiku ndi nthawi: Loweruka masana akalankhula ndi mlamu wake amene ali ndi njinga yamoto. Ulendo wotsatira umayamba ndi funso la mmene zinayendera. Mphungu akayamba kupereka mayankho ake, njira yonse yafa, chifukwa chimene chimachiza n'chakuti mayi waona kuti wathetsa kanthu ndi mutu wake.

Chosadziwika bwino n'chakuti ntchitoyi igwiridwe ndi ndani. Mzamba ali ndi mzere, alangizi a zaumoyo ali ndi katemera ndi zina zambiri, ndipo anthu ongodzipereka amatopa akapanda kulandira kanthu kapena kuyenderedwa ndi wowayang'anira.

Mankhwala ndi nthawi yotumiza

Kukhumudwa kwapang'ono kumayamba ndi uphungu. Kukakula, mayi osadya, osadzuka, osasamba, mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline amaganiziridwa ndi dokotala kapena namwino wa za maganizo, pa mlingo wochepa umene ungagwire ntchito. Amatenga milungu 2 mpaka 4 kuti ayambe kumveka, ndipo mayi akapanda kuuzidwa zimenezi amawasiya mlungu woyamba n'kunena kuti sakuthandiza. Akapeza bwino amapitiriza kwa miyezi yosachepera 6. Mwana wobadwa kwa mayi amene amamwa mankhwalawa kumapeto kwa mimba akhoza kunjenjemera kapena kuyamwa movutikira kwa masiku ochepa, choncho azamba a kochirira ayenera kudziwa. Amitriptyline ndi woopsa akamwedwa wambiri nthawi imodzi, ndipo saperekedwa wochuluka kwa mayi amene ali ndi maganizo odzipha.

Mayi amene anali kale pa mankhwala a maganizo kapena a khunyu asawasiye yekha atazindikira kuti waima, chifukwa matenda amabwerera mwamphamvu. Apite msanga akaonane ndi amene amamupatsa mankhwalawo. Sodium valproate ndiye wofunika kusamala naye kwambiri, chifukwa akhoza kupundula msana ndi ubongo wa mwana m'milungu yoyambirira, ndipo kusintha kwake n'kofunika kukambirana mimba isanabwere.

Mayi amene wanena kuti akuganiza zodzipha, makamaka ngati waganiza kale njira, kapena akumva mawu amene ena sakumva, kapena watha masiku osagona koma osatopa, akulankhula zosagwirizana, amatumizidwa tsiku lomwelo. Sasiyidwa yekha, wachibale wodalirika amauzidwa, ndipo mankhwala ophera makoswe ndi a m'munda amachotsedwa m'nyumba. Kufunsa za kudzipha mwachindunji sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu. Ku Blantyre odwala otere amaonedwa ndi a za maganizo ku chipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth), ndipo ofunika kugonekedwa nthawi yaitali amapita ku Zomba Mental Hospital. Pa za nkhanza pali malo othandizira ochitidwa nkhanza a One Stop Centre ku Gulupu komweko ndi ofesi ya Victim Support Unit kupolisi, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, koma mayi, ngati si mwana, ndiye amasankha yekha ngati akanene, mzamba atamufotokozera njira zimene zilipo.

Apa mafunso otsala ndi olemera. Kafukufuku wa mankhwala pa amayi oyembekezera ndi wochepa chifukwa sayesedwa pa iwo mwadala, choncho kuopsa kwa mankhwala ndi kuopsa kwa matenda osachizidwa kumayezedwa pa mayi aliyense payekha. Mayi wa ku Lirangwe kapena ku Mdeka akapatsidwa kalata yopita ku Gulupu, ndani amatsatira kuti wafikadi, ndipo ya minibasi amulipirira ndani? Ndipo akagonekedwa ku Zomba atangochira, khanda loyamwa likhala kuti?